Tifunseni: Injini ya chess ikumaluza chifukwa cha nthawi

Funso: Ndimapikisanitsa mapulogalamu awiri a chess pa laputopu kudzera mu Cute Chess, pulogalamu yoyendetsa mipikisano yotere: Stockfish, injini (pulogalamu yosewera chess) yodziwika bwino, ndi injini ina yaing'ono yomwe ndikulemba ndekha. Iliyonse imapatsidwa masekondi 10, n'kumawonjezeredwa 0.1 ikasuntha. Yangayo ikumaluza magemu ena ndi mawu akuti "loses on time", nthawi zina ili pafupi kupambana. Kompyuta ingalephere bwanji kuwerenga wotchi? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Wotchi siili m'manja mwa injini yanu. Mwini wake ndi Cute Chess. Iye amayamba kuwerenga akangotumiza lamulo la UCI (njira yomwe amalankhulirana ndi injini), monga "go wtime 10000 btime 10000 winc 100 binc 100", ndipo saleka mpaka atalandira "bestmove", yankho la injini lonena kusuntha komwe yasankha. Injini imayamba kuwerenga mochedwerapo, uthenga utaifika, n'kusiya isanatumize yankho. Kampata kameneko ndi ka mamilisekondi ochepa chabe. Koma gemu ikatalika, masekondi 10 aja atadyeka, injini imangodalira 0.1 yowonjezera ija, ndipo kampatako kamakwanira kuigwetsa.

N'chifukwa chake Stockfish ili ndi "Move Overhead", nthawi yomwe imapatuliratu osaigwiritsa ntchito poganiza. Masiku ano imabwera ili pa mamilisekondi 10. Ikani chonga chimenechi mu injini yanu. Pa laputopu yambani ndi 50, zikapitirira kwezani kufika 100.

Kenako onani kuti injini imasuzumira wotchi kangati. Zambiri sizimayang'ana nthawi paliponse, zimadikira zitasanthula chiwerengero china cha ma node (makhalidwe a zidutswa pa bolodi omwe injini imayesa), tinene 4096. Yosanthula ma node 1,000,000 pa sekondi imayang'ana pakangotha mamilisekondi 4 okha. Yosanthula 50,000 imatha mamilisekondi oposa 80 isanayang'anenso, pamene yangowonjezeredwa 100. Ngati yanu ndi yochedwa chonchi, tsitsani nambalayo pa 512 kapena 256. Mukhalenso ndi malire awiri: oyamba oletsa kuyamba depth yatsopano (gawo lozamirapo la kusanthula) nthawi ikayamba kuchepa, achiwiri odula kusanthula pompopompo n'kutumiza kusuntha kwabwino kochokera ku depth yomwe inamalizidwa. Yongoyang'ana wotchi pakati pa depth ndi depth idzaluzabe, chifukwa depth imodzi ikhoza kudya nthawi yoposa zonse zam'mbuyo kuphatikiza.

Zolakwika zina n'zazing'ono koma zimazunza. UCI imawerenga nthawi mu mamilisekondi, pamene xboard, njira yakale ya WinBoard, imatumiza "time" ndi "otim" mu magawo 100 a sekondi. Mukasokoneza ziwirizi mwaphonya kakhumi. Mu C, clock() pa Linux imawerenga nthawi yomwe purosesa yagwirira ntchito pulogalamu yanu, osati nthawi yeniyeni ya wotchi ya pakhoma, choncho makina akatanganidwa injini imaganiza kuti nthawi ikadalipo. Gwiritsani ntchito wotchi yosabwerera m'mbuyo, ngati steady_clock ya C++. Ndipo mukalemba "bestmove" musaiwale fflush, lamulo lotulutsa pompopompo zomwe mwalemba, apo ayi yankho limangokhala mu buffer, malo odikiriramo, wotchi ikuyenda. Kuyeretsa hash yaikulu (malo a mu RAM osungiramo zomwe injini yasanthula kale) kuchitike pa "ucinewgame", lamulo loyambitsa gemu yatsopano, musanayankhe "readyok", osati pa kusuntha koyamba.

Makinanso ali ndi mlandu wake. Laputopu ya ma core 4 musaithamangitsire magemu 4 nthawi imodzi. Ikani concurrency, chiwerengero cha magemu oseweredwa nthawi imodzi, pa 3, core imodzi itsalire Cute Chess ndi sisitimu. Zimitsani ponder, kuganiza kwa injini pa nthawi ya mnzake, chifukwa injini zonse ziwiri zikamaganiza pamodzi zimalimbirana purosesa. Hash ya injini zonse isapose RAM yomwe ilipo. Ngati mumagwiritsa ntchito Syzygy, mafayilo a mayankho okonzeratu a kumapeto kwa gemu, dziwani kuti a zidutswa 5 safika 1 GB, koma a zidutswa 6 ndi pafupifupi 150 GB, ndipo kuwawerenga pa hard disk yozungulira kumachedwetsa kumapeto kwa gemu, pamene nthawi yatsala yochepa kale. Magetsi akathima laputopu n'kugwera pa batire, kawirikawiri imachepetsa liwiro yokha. Magemu a nthawi imeneyo musawasakanize ndi ena.

Funso: Mnzanga akuti ndingoika "timemargin" basi vuto latha. N'zoona?

Yankho: Mawu a "loses on time" atha, vutolo ayi. Mukalemba timemargin=100, Cute Chess imakhululukira injini yopyola ndi mamilisekondi osaposa 100. N'zothandiza pofufuza: vuto likasiya pa 20, ndi kampata kaja, likapitirira ngakhale pa 500, cholakwika chili mu code yanu. Koma mukaisiya yaikulu, injini yakuba nthawi imaganiza motalikirapo kuposa inzake n'kumaoneka yamphamvu isali. Ifenso sitivomereza zochotsa magemu oterewa pa zotsatira. Sakani "time forfeit" mu fayilo ya PGN, momwe mumalembedwa magemu onse, muone kuti agwa pa kusuntha kwachingati. Akachuluka koyambirira, kayikirani hash ndi kudzuka kwa injini. Akachuluka kupyola kusuntha kwa 60, kwezani Move Overhead n'kutsitsa nambala ya ma node ija.