Mwana akufuna kukathandiza ku zisudzo popanda malipiro, timulole?

Funso: Mwana wanga wamkazi walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira. Akufuna azikathandiza kunyumba ya zisudzo m'tauni, ntchito yongodzipereka. Bambo ake akukana, akuti kumeneko n'kutaya ndalama ya kombi, bola azikagulitsa ndi azakhali ake kumsika wa Mbare. Titani? — Mayi a ku Mufakose

Mayi, muloleni apite, koma apite ngati wokaphunzira ntchito, osati wongokatayitsa nthawi.

Pa nkhani ya ndalama, bambo ake sakunama. Zisudzo muno mu Harare sizinenepetsa thumba. Taonani Reps Theatre ya ku Belgravia: gulu la Repertory Players linayamba mu 1931, nyumba imene akugwiritsa ntchito pano inatsegulidwa mu 1960, ndipo zaka zonsezi yakhala ikudalira anthu odzipereka. Ambiri mwa amene mumawaona pa siteji amakhala ataweruka kuntchito zawo zamasana. Nyumba zotere zimayendera ndalama za matikiti, zopereka za mamembala, ndi thandizo la makampani ndi anthu akufuna kwabwino. Ndalamayo ikalowa imathera ku magetsi, kukonza denga ndi mipando, matabwa, penti, nsalu. Akakuuzani kuti malipiro palibe, nthawi zambiri ndi zoona ndithu.

Funso langa n'lakuti, kumeneko akukagwira chiyani? Ana ambiri amalota kuoneka pa siteji, ndipo sindiwadzudzula. Koma ine ndikanakhala kholo lake ndikanamukankhira kuseri kwa katani. Pa gule maso onse amakhala pa wovina, koma oimba ng'oma akaleka gule amathera pomwepo. Ku zisudzo n'chimodzimodzi, ndipo luso logulitsika msanga lili kwa anthu osaonekawo.

Pali woyang'anira siteji. Ameneyu amakhala ndi buku la sewero lonse, momwe analemba ndi manambala paliponse pamene getsi liyenera kusintha, nyimbo kulowa kapena katani kutseka, ndipo sewero likamachitika ndiye amalamula zonsezo kudzera m'mahedifoni, mphindi ndi mphindi. Mwana wothandiza munthu ameneyu amaphunzira kusunga nthawi, kulemba zinthu mwadongosolo ndi kulankhula ndi akuluakulu popanda kunjenjemera. Pali a magetsi, amene amapachika nyali, kuzilozetsa, ndi kuwerengera kuti waya mmodzi asalemedwe. Magetsi akathima pakati pa sewero, monga tazolowera muno, ndi iwo amadziwa chochita ndi jenereta. Pali a zokuzira mawu, akalipentala omanga makoma ndi masitepe a pa siteji, matelala a zovala, ndi a pakhomo ogulitsa matikiti ndi kuwerengera ndalama kuti zigwirizane ndi mipando. Tsopano ganizirani maukwati, misonkhano ya mipingo ndi madansi a oimba amene amachitika mu Harare Loweruka lililonse. Onsewo amafuna munthu wodziwa kulumikiza maikolofoni ndi kuyatsa nyali, ndipo kumeneko amalipira. Atsikana m'ntchito imeneyi sachuluka, choncho amene waidziwa saiwalika msanga.

Izi sizilowa m'malo mwa sukulu. Makoleji ambiri amafuna maphunziro asanu a O Level, Chingerezi chili momwemo. Akakonda za magetsi, njira yake ndi Harare Polytechnic kapena koleji ina ya zaumisiri, kuti luso la m'manja likhale ndi pepala. Akakonda zisudzo zenizenizo, ku University of Zimbabwe amaziphunzitsa, koma afunika adutse A Level kaye. Zotsatira za ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso, zikatuluka kumayambiriro kwa chaka n'kupezeka kuti pali phunziro loti abwereze, mabuku ayambe ndiwo, zisudzo zidikire kumathero a sabata.

Musanavomere, pitaniko nokha, mayi. Kaonaneni ndi amene adzamuyang'anira, mumve masiku ndi maola ake, musiyirane manambala a foni. Nkhani yovuta kwambiri ndi ya usiku. Kuyeserera ndi masewero ambiri zimachitika madzulo, ndipo pomatha kombi za ku Mufakose zimakhala zikusowa. Mwana wamkazi asamayende yekha nthawi imeneyo kufunafuna galimoto. Ngati palibe wodalirika womufikitsa pakhomo, apemphe ntchito ya masana: kupenta, kusoka, kusanja katundu, kapena kuthandiza pa masewero a masana Loweruka. Anthu oona mtima sakwiya ndi mafunso a kholo. Mukaona akuzembazemba, kapena akufuna ndalama zosadziwika mutu wake kuti "amulowetse m'sewero", bwererani naye kunyumba.

Malo si amodzi okha. Reps ili ndi gulu la achinyamata lotchedwa Repteens, ndipo sewero lalikulu la Reps la nyengo ya Khirisimasi limafuna manja ambiri. Theatre in the Park, ya Rooftop Promotions motsogozedwa ndi a Daves Guzha, ili mu Harare Gardens, pafupi ndi pakati pa tauni, zomwe zingamupulumutse kukwera kombi yachiwiri. Almasi Collaborative Arts, imene Danai Gurira, katswiri wa mafilimu wokulira muno mu Harare, anathandiza kuiyambitsa, imaphunzitsa olemba ndi ochita masewero. Afunse konseko zimene akufuna pakali pano.

Ndipo iwe mwana wanga, ngati amayi akuonetsa yankholi: gula kope. Lemba sewero lililonse limene wathandiza, ntchito imene unagwira ndi dzina la amene anakuphunzitsa. Sunga pulogalamu iliyonse yokhala ndi dzina lako. Pakatha miyezi itatu pempha kalata ya umboni yosainidwa, yonena zimene ukutha kuchita. Pa CV, mawu akuti "ndinathandiza ku zisudzo" sauza bwana chilichonse, koma akuti "ndinayendetsa magetsi a sewero kwa milungu iwiri" amamuimitsa. Ngati pa miyezi itatuyo akungokutuma kusesa ndi kugula zakumwa, wapempha kuphunzira koma palibe chosintha, tsanzika mwaulemu.

Za kumsika musazitaye ayi. Azikathandiza azakhali ake m'mawa masiku atatu pa sabata, ndalama ya kombi azipeza yekha kumeneko, bambo ake asatulutse kanthu. Tsiku loyamba la sewero agulireni tikiti, akadzionere okha.