Kuthandiza mlongo wanu namwino pa nthawi ya mliri

Achimwene, mwafunsa momwe mungathandizire mlongo wanu, yemwe ndi namwino, pa nthawi ya mliri: chachikulu mpatseni mlongo wanuyo mpata wogona. Akaweruka kuchipatala, ntchito zapakhomo ndi ana muzisamalire inuyo, ndipo abale asamamudzutse ndi mafoni ofunsa za mankhwala. Mu 2020, COVID-19 itavuta, ndinkakhala nyumba imodzi ndi namwino. Ankafika nkhope ili mizeremizere chifukwa cha masiki, ngakhale kulankhula osatha. Munthu wotopa chonchi sachedwa kulakwitsa pantchito, ndipo ovutika amakhala odwala. Inunso dzitetezeni: muzisamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, katemera akapezeka mukalandire, kuti musakawonjezere mzere kuchipatalako. Koma mukaona kuti mlongo wanuyo tulo sakupeza kwa masabata angapo, akungolira, kapena akutchula zodzipha, musazengereze, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo.