Thabwa lanji pa tebulo lapakati pa khitchini?

Mayi wina amene akumanga nyumba ku Area 49 mu Lilongwe wanditumizira imelo. Pakati pa khitchini akufuna tebulo lokhazikika lokhala ndi makabati kunsi, ndipo pamwamba pake sakufuna mwala, akufuna thabwa. Kalipentala wawauza kuti asankhe pakati pa paini, bulugamu ndi mlombwa. Ndiye akufunsa: abwino ndi ati, nanga thabwa lingapirire madzi ndi moto wa m'khitchini?

Mayi, musanafunse dzina la mtengo, yambani mwafunsa kuti matabwawo anachekedwa liti. Ndinaonapo tebulo la mlombwa weniweni limene analikhoma mu Febuluwale, mvula ili pakati. Linkawala ngati galasi. Pofika Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, pakati pake panali patang'aluka moti ufa unkalowamo ndipo nyerere zinapezapo njira. Mtengo unalibe mlandu. Matabwawo anali aawisi.

Thabwa limafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe, ndipo kuno kwathu nyengo ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Amisiri amati thabwa lokhuthala inchi imodzi (mamilimita 25) limafuna pafupifupi chaka kuti liume bwino pamthunzi, ataliyala ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Lanulo likufunika kukhuthala mamilimita 40, choncho nthawi yake ndi yoposa pamenepo. Ngati kalipentala ali ndi kamakina koyezera chinyezi, kasonyeze pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Akabwera nawo, matabwawo agone m'nyumbamo milungu iwiri asanawapale.

Tsopano mitengo ija. Paini ngati wa ku Chikangawa ndi wotchipa ndipo savuta kupeza, koma ndi wofewa: ngakhale chikhadabo chimasiyapo chizindikiro. Ndi wabwino kupangira makabati akunsiwo. Paini wobiriwira uja amauviika m'mankhwala a chiswe asayandikire n'komwe pamalo okonzerapo chakudya. Bulugamu ndi wolimba, koma amakonda kupindika ndi kung'aluka pouma. Ndingamuvomere pokhapokha atauma ndithu komanso atamucheka timizere topapatiza, ta masentimita 4 kapena 5, n'kutimata ndi guluu wopirira madzi.

Mtima wanga uli pa mlombwa. Sufota kwambiri, chiswe sichiukonda, ndipo ukalandira mafuta umatuluka mtundu wofiirira wa uchi womwe penti iliyonse singaufikire. Mungoonetsetsa kuti akupatsani mtima wa mtengo, chifukwa mbali yoyera yakunja imafumbwa. Koma ndinene poyera: mlombwa ukutha m'nkhalango zathu. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zikutha, anaika mlombwa ndi mbawa m'gulu la mitengo imene malonda ake kunja ayenera kuyang'aniridwa. Wogulitsa akuonetseni chilolezo cha ku Dipatimenti ya Zankhalango. Wina akakunong'onezani za mkungudza wa ku Mulanje, kanani, watsala pang'ono kutheratu. Njira imene ndimaikonda ndi kufunafuna zitseko ndi mafelemu akale a mlombwa kapena mbawa pamene akugwetsa nyumba. Amenewo anauma kalekale, ndipo palibe mtengo wina umene wagwa chifukwa cha inu.

Za madzi ndi moto, musanamizidwe. Poto wa nsima wochoka pamoto amasiya bwalo lakuda pa thabwa lililonse, choncho pazikhala choikapo. Sinki ikhale kukhoma, osati pa tebuloli, chifukwa m'mbali mwa mpopi thabwa limada n'kuyamba kuola.

Ngati muzikandirapo ufa wa mandasi kapena kuduladula masamba, musapake vanishi, mpeni umaiswa ndipo madzi amalowa kunsi kwake. Pakani mafuta a liquid paraffin a ku famase, osati palafini wa nyale, kenako phula la njuchi. Mafuta ophikira ayi, amadzayamba kununkha. Pakani pamwamba, pansi ndi m'mbali momwe, makamaka kumapeto kumene anadula, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limapindika ngati mbale. Mukaona kuti dontho la madzi likulowa m'malo moima, nthawi yopakanso yakwana.

Kalipentala wanuyo mumuuzenso kuti asamate thabwalo ku makabati ndi guluu. Amange ndi masikuluu kuchokera kunsi, mabowo ake akhale otalikirako kuti thabwa lizisuntha nyengo ikasintha. Mbali imene ana azikhala pa mipando, thabwa lituluke masentimita 30 kuti mawondo azilowa.