Kwa asisi amene agundidwa kumbuyo pa maroboti

Asisi, pepani kwambiri ndi ngoziyo. Mwati minibasi inakugundani kumbuyo pa maroboti a ku Manda Hill ku Lusaka Lachisanu, tsikulo simunamve kanthu, koma podzuka Loweruka khosi linali gwa, ndiye anzanu akuti mupite kwa chiropractor, aja owongola msana ndi khosi ndi manja, akaliwongole. Chonde musayambire kumeneko. Yambani mwaonana ndi dokotala.

Motoka ikagundidwa kumbuyo, mpando umakankhira thupi kutsogolo, mutu n'kutsalira, kenako n'kuponyedwa kutsogolo mwamphamvu. Minofu yogwira mafupa 7 a m'khosi imakokeka mopyola muyezo, ndipo ululu umadzabwera patapita maola angapo, mwinanso mawa lake. Kuvulala kumeneku ndi kumene amati whiplash pa Chingerezi. Vuto n'lakuti fupa long'aluka limathanso kupweteka chimodzimodzi, ndipo munthu sangalizindikire pongosisita ndi manja. Dokotala akupimeni, akaona kuti m'pofunika akujambuleni X-ray. Koma mukamva dzanzi kapena kufooka m'mikono ndi m'miyendo, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu wosaleka kuwawa, kapena mkodzo ukumangotuluka, pitani ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa lero lomwe.

Ine zinandigwera pa Kafue Road. Ndinavala kolala ya siponji milungu iwiri osaivula, n'kumangogona, poganiza kuti ndikuliteteza khosi. Linauma ngati chikuni, ngakhale kucheuka powoloka msewu sindinkatha. Anandithandiza ndi a physiotherapy, aja a kuchipatala ochiritsa ndi masewera olimbitsa thupi. Anandiuza ndivule kolalayo, ndizitembenuza mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kangapo pa tsiku, ndiziyika nsalu yofunda pakhosi, ndibwerere kuntchito. Poyamba ndinkaopa kwambiri, koma khosi limachira msanga likamayenda. Panado amathandiza, brufen samalani naye ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena muli ndi pakati. Ambiri amapeza bwino pasanathe miyezi iwiri kapena itatu.

Ma chiropractor sindikuwanyoza ayi. Ntchito yawo inayamba mu 1895 ku America ndi D.D. Palmer, ndipo alipo anthu amene amati anawathandiza msana. Chimene ndimaopa ine ndi kuja kopotokola khosi mwadzidzidzi mpaka kulira kuti khwa. Kulirako sikutanthauza kuti fupa labwerera m'malo. Ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo, monga mmene zimalirira zala tikamazithyola. Komanso mitsempha iwiri yopititsa magazi ku ubongo imadutsa m'timabowo ta mafupa omwewo a m'khosi. Sizichitika kawirikawiri, koma alipo anthu amene mtsempha unawang'ambikira atapotokoledwa, n'kudwala sitiroko. Pa khosi lomwe langovulala kumene, ine sindingalole.

Dokotala akatsimikiza kuti mafupa ali bwino ndipo mukufunabe kupita, tengani zotsatira zanu mukawaonetse, mufunse mapepala a kumene anaphunzira, ndipo muwauze poyera kuti mukufuna kusisitidwa ndi kuphunzitsidwa zolimbitsa khosi, osati kupotokoledwa. Akakuuzani kuti mulipiriretu maulendo ambirimbiri asanaone n'komwe mmene mukupezera, nyamukani.

Lipoti la apolisi mwatenga? A inshuwalansi adzalifuna, ndiye sungani pamodzi ndi marisiti onse a kuchipatala. Mukayambanso kuyendetsa, kwezani kotsamira mutu kampando kafanane ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo kakhale pafupi ndi nkhongo. Mutiuze zimene adokotala anene.