Kuwerenga mbalame za m'nkhalango kukadali kozizira

Funso: Ndapemphedwa kuthandiza kuwerenga mbalame m'nkhalango yotetezedwa ku Britain kumayambiriro kwa April. Kumazizira kwambiri. Bwanji osadikira kuti kufunde? Nanga ndiziwerenga bwanji?

Yankho: Mukadikira, zina mudzaziphonya. Agogomole amagogoda mitengo kwambiri mu March ndi April, ndipo mbalame zokhala komweko chaka chonse zimayamba msanga kuimba poteteza malo awo. Zikayamba kufungatira mazira, zambiri zimachepetsa kuimba. Komanso masamba asanaphuke, maso amafika patali. N'chifukwa chake kafukufuku wa mbalame wa BTO (bungwe lofufuza za mbalame ku Britain), yemwe anayamba mu 1994, amafuna maulendo awiri: woyamba kuyambira April mpaka pakati pa May, wachiwiri kuchokera pamenepo mpaka kumapeto kwa June, mbalame zochokera ku Africa zitafika.

Njira yosavuta m'nkhalango ndi yoima malo amodzi. Sankhiranitu malo oimapo otalikirana mamita 200, ndipo musawasinthe chaka ndi chaka. Mukafika, khalani chete mphindi ziwiri kuti mbalame zomwe munazidzidzimutsa zikhazikike, kenaka werengani kwa mphindi zisanu zokha. Musawonjezere nthawi ngakhale pabwere mbalame yosowa, chifukwa ziwerengero zanu sizidzafanizikanso ndi za malo ena. Mbalame iliyonse ilembeni ndi mbali yomwe ili komanso mtunda wake: mamita osakwana 25, pakati pa 25 ndi 100, kapena kupitirira 100.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. M'nkhalango mbalame zambiri mumazimva osaziona, ndiye imodzi ikasamukira mtengo wina n'kuimbanso, mumailemba kawiri. Lembani ziwiri pokhapokha mwazimva zikuimba nthawi imodzi.

Musayambe m'bandakucha weniweni, pamene zonse zimaimbira limodzi moti khutu silitha kuzisiyanitsa. Dikirani dzuwa lituluke kwa ola limodzi, ndipo mumalize isanakwane 10 koloko. Kukakhala mvula yamphamvu kapena mphepo yogwedeza nthambi, bwererani. Tsiku lotere limapereka ziwerengero zonama.

Za kuzizira: lemberani pensulo, chifukwa bolopeni imakana papepala lonyowa. Mabatire amatha msanga kukazizira, choncho foni isungeni m'thumba lam'kati. Musapumire pafupi ndi magalasi oonera patali, amachita nthunzi. Chipewa chisatseke makutu, ndipo jekete yolira mukamayenda isiyeni kunyumba.