Malipiro akwera, nanga mashifiti athawira kuti?

Mayi wina wa kwathu amene amasamalira anthu olumala pa bungwe lachifundo kufupi ndi mzinda wa Leeds ku England wandilembera imelo. Akuti kuyambira Epulo 2025 malipiro a pa ola adakwera, koma mashifiti adachepa, ndipo abwana amangoti ndalama kulibe. Ndiye akufunsa: "Kodi si boma limene limapatsa ndalama mabungwe amenewa? Kapena akungotinamiza?"

Mayi, abwana anuwo mwina sakunama. Gwero la vutoli ndi bajeti imene nduna ya zachuma Rachel Reeves idawerenga pa 30 Okutobala 2024. Malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba, aja amati National Living Wage, adachoka pa £11.44 kufika pa £12.21 pa ola. Izo n'zimene mudaona papepala la malipiro. Chimene simudaone ndi msonkho wa National Insurance umene wolemba ntchito amalipira pamutu panu. Udakwera kuchoka pa 13.8% kufika pa 15%, ndipo choluma kwambiri n'chakuti kale unkayamba kuwerengedwa munthu akapitirira £9,100 pachaka, koma tsopano ukuyambira pa £5,000.

Tiwerengere limodzi. Wogwira maola 37.5 pa sabata, malipiro ake pachaka adakwera ndi pafupifupi £1,500, ndipo msonkho wa abwana ake udakwera ndi pafupifupi £1,000. Ndiye kuti £2,500 pa munthu mmodzi. Bungwe la antchito 60 likufunika kupeza £150,000 yapamwamba. Ogwira maola ochepa, amene adadzaza ntchito yosamalira anthuyi, ndi amene adakweza kwambiri bilu: munthu wolandira £9,000 pachaka kale sankalipiridwira kalikonse, pano ndi £600.

Sitolo ikakumana ndi zotere imangokweza mtengo wa buledi. Bungwe ngati lanu silingatero, chifukwa wogula wake wamkulu ndi khonsolo, ndipo khonsolo ndiyo imanena kuti pa ola limodzi losamalira munthu ilipira zingati. Zili ngati mlimi amene amukwezera feteleza koma mtengo wa chimanga auika ndi ena. Boma lidawonjezera £880 miliyoni ku makhonsolo a ku England ya chisamaliro cha akulu ndi ana omwe, pamene bungwe lofufuza la Nuffield Trust lidawerengera kuti malipiro ndi msonkhowu ziwonongera mabungwe osamalira anthu akulu okha pafupifupi £2.8 biliyoni. NCVO, yomwe imayankhulira mabungwe achifundo, idati msonkho wokhawo udyera mamembala ndi anzawo £1.4 biliyoni pachaka.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti nthambi za boma, kuphatikizapo NHS yoyendetsa zipatala za boma, zidapatsidwa ndalama zolipirira msonkho watsopanowu, koma mabungwe ogwira ntchito ya boma yomweyo pa kontrakiti adauzidwa kuti akambirane ndi makhonsolo awo. Wosambitsa gogo m'chipatala ndi wosambitsa gogo yemweyo kunyumba kwake, wina boma lidamuganizira, wina ayi. Timabungwe tating'ono kwambiri tidapumako chifukwa Employment Allowance, ndalama imene olemba ntchito amachotseredwa pa msonkhowu, idakwera kufika pa £10,500, koma pa antchito makumi angapo ndalama imeneyo sipita patali. Zotsatira zake ndi zimene mukuonazo: shifiti ya anthu atatu ikugwiridwa ndi awiri, ulendo wopita ndi okalamba kokayenda wathetsedwa, amene wasiya ntchito sakulowedwa m'malo.

Komabe kusowa kwa ndalama sikupatsa abwana chilolezo chokuponderezani. Tengani kontrakiti yanu muone maola amene adakulonjezani. Ngati alembedwamo, sangawadule popanda kugwirizana nanu. Ngati mumayendera anthu m'makomo, nthawi yochoka kwa uyu kupita kwa uyo imawerengedwa pamalipiro otsikitsitsa, choncho muzilemba m'kabuku. Ngati muli pa viza yothandizidwa ndi bungwelo, chenjerani kwambiri: malipiro anu sayenera kutsika kuposa amene adalembedwa pa satifiketi ya sponsa, ndipo zikatsika mapepala anu angasokonekere. Imbirani Acas, bungwe lolangiza pa nkhani za pantchito, uphungu wawo ndi waulere, ndipo ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito monga UNISON kapena GMB, pitani kwa nthumwi yanu ndi mapepala a malipiro a miyezi ingapo musanasaine chilichonse chosintha maola.