Bwanji madzi amadikha mu Beira pomwe nyanja ili pakhomo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa dalaivala wina amene amakatenga mafuta ku doko la Beira ku Mozambique. Akuti: "Mvula ikangogwa, misewu ya kumeneko imasanduka dambo. Nyanja ili pomwepo, nanga madziwo akulephera bwanji kutsikiramo?"

Achimwene, chikukusokonezani ndi nyanja yathu ya Malawi, yomwe mukaisiya m'mawa mumakaipeza pomwepo madzulo. Nyanja yamchere siili choncho. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 6. Mzindawu unamangidwa pa chidambo chathyathyathya pafupi ndi matsiriro a mtsinje wa Pungwe, moti madera ena ali pansi kuposa pomwe nyanja imafika ikadzaza. Pa nthawi imeneyo ngalande yotseguka siitulutsa madzi a mvula ayi, imalowetsa amchere.

N'chifukwa chake ine ndimati madzi a ku Beira amafunika malo odikirirapo, osati njira yokha. Kamtsinje ka Chiveve, kodutsa pakati pa mzinda, kanakhala zaka zambiri katatsekeka, kodzaza matope ndi zinyalala. Ndi thandizo la banki ya KfW ya ku Germany anakakumba, nabwezeretsa mitengo ya mangrove (yomera m'madzi amchere) m'mbali mwake, naika zitseko pomwe kamathira m'nyanja. Nyanja ikamadzaza amatseka, ikaphwa amatsegula. Banki ya Dziko Lonse nayo inathandiza kukonza ngalande zikuluzikulu komanso kukumba dziwe la Maraza, losunga madzi mpaka nthawi yotsegulayo itakwana. Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri, chifukwa munthu wa m'madera a mzindawu monga Munhava kapena Chipangara akagona madzi osalowa m'nyumba, ndiye kuti ana apita kusukulu mawa lake, ndipo chimbudzi sichinasefukire pabwalo.

Koma pali madzi ena omwe chitseko sichingawaletse. Namondwe wa Idai atafika usiku wa pa 14 Malichi 2019, chomwe chinasakaza kwambiri mumzindamo chinali mphepo, yomwe inasasula madenga. Chigumula chachikulu chinabwera patapita masiku, kuchokera kumtunda. Pungwe amayambira kumapiri a Nyanga ku Zimbabwe, ndipo mvula yogwa kumapiri a Chimanimani imatsikira mumtsinje wa Buzi. Madzi onsewo anakumana kuchigwa, anthu a m'boma la Buzi n'kukwera pamadenga ndi m'mitengo, msewu wa EN6 womwe mumadutsawo n'kuduka. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa izi amazidziwa bwino: kumwamba kuli mbee, koma Shire akudzaza ndi mvula yomwe yagwa kwina, ndipo mapiri akametedwa mitengo madziwo amafika msanga, atasenza mchenga wokwirira mitsinje.

Mukadzapitanso, kayang'aneni m'ngalande za pafupi ndi pomwe mumaimika mathiraki podikira katundu. Mabotolo ndi majumbo omwe mukawaonemo ndi omwe amakatseka pakamwa pa ngalande nyanja ikaphwa, pa maola ochepa okhawo omwe madzi akanatuluka.